Miyala Imene A Zuze Anakana Kuponda

A Zuze anamwalira Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Novembala uli pakati. Uthenga unandipeza ndili pa shifiti, ndikuyendetsa basi yochoka ku Bolton kupita ku Manchester, ndipo foni ndinaiona nditafika kumapeto kwa ulendo. Mayi Zuze analemba mawu ochepa pa gulu la mpingo la pafoni: bambo a Tamanda atisiya, ndi mtima. Anthu anayamba kuponya mavesi ndi tizithunzi ta manja opemphera, ena mwa iwo oti kwa zaka zinayi sanawapatseko moni akuluwo. Ndinakhala pa chiwongolero n'kumayang'ana dzanja langa lamanja, mpaka mzungu wina anagogoda pagalasi kufunsa ngati basiyo inyamuke lero lomwe.

Ndinene poyambirira pomwe kuti munthuyu sindinkamukonda. Pamaliro timakonda kudzola mafuta akufa, koma ine ndikatero ndiye kuti ndawalakwira kawiri. Anali munthu wamakani, wosadziwa kusiya nkhani ikatha, ndipo akayamba kukuuza chinthu ankakuyang'ana ngati mphunzitsi amene wataya kale chikhulupiriro mwa iwe. Ine ndine dikoni wa kampingo kathu ka Amalawi, kamene kamasonkhana mu holo yobwereka. Ntchito ya dikoni ndi yoti zinthu ziziyenda. Ntchito ya a Zuze inkaoneka ngati yoti zinthu ziziima.

Amene anabwera mumpingo mochedwa amawadziwa ngati madala a pampando wa pakhomo, a dzanja lamanzere lopindika, osadya mgonero. Ankafika oyamba, kukhala pampando womwewo pafupi ndi chitseko pamene mphepo imalowera, kuimba nyimbo zonse ndi mawu awo okhuthala, n'kutuluka ena asanayambe kupatsana moni. Alendo akafunsa, tinkayankha mwachidule kuti ali pa chilango, anasokoneza ubatizo. Zambiri sitinkanena. Amene ankasamala kwambiri kuti zambiri zisanenedwe ndinali ine.

Kwathu a Zuze ankagwira ntchito pamwamba pa phiri la Zomba, pamalo oswetsera nsomba zotchedwa tirawuti. Ambirife sitinaidyepo. Ndi nsomba ya m'madzi ozizira, ya madontho m'thupi, imene azungu anabwera nayo kalekale n'kuithira m'timitsinje ta m'mapiri. Amene amaidziwa mpasa, momwe imasiyira nyanja n'kukwera mtsinje kukaswa pamiyala, waidziwa kale theka la moyo wa tirawuti. Kumeneko a Zuze anali munthu womveka. Ankagwira nsomba yaikazi, kuifinya pamimba kuti mazira agwere m'beseni, kufinyiramo mbewu ya yaimuna, n'kutakasa pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku. Kenaka m'mawa uliwonse ankawerama pamatileyi, mbale zafulati zosungiramo mazira m'madzi oyenda, kutola mazira amene ayera, omwe ndi akufa, limodzilimodzi asanawoletse anzawo. Kuno anabwera motsatira akazi awo, omwe ndi nesi, ndipo ntchito imene anaipeza inali yochapa zofunda kunyumba yosamalira okalamba. Anaigwira zaka zonsezi osadandaula. Koma nthenga ya nkhuku sinkachoka m'thumba la jekete lawo, ndipo ikatha ankapeza ina.

Ankayenda ngati wakuba. Ankati nsomba imamva phazi isanaone munthu, choncho thupi lawo linazolowera kuponda mosamveka, pamsewu ndi m'tchalitchi momwe. Amayi a mpingo ankadandaula kuti sungajede bwino a Zuze ali mu holo, chifukwa umangozindikira ali kumbuyo kwako, ndipo sudziwa kuti afika liti. Tiyi ankamwa atazizira. Akawoloka mlatho uliwonse ankaima n'kusuzumira, mbali imene chithunzithunzi chawo sichigwera m'madzi, ndipo akazi awo ankangopitirira okha ndi zikwama.

Mkangano wathu woyamba unali wa minibasi ya mpingo. Ndinkaitsuka pamsewu kuseri kwa holo, thovu likuyenderera kukalowa m'ngalande ya madzi a mvula, ndipo ndinangomva mawu paphewa panga akufunsa ngati ndikudziwa kumene madziwo akupita. Ndinati akupita kumene madzi amapita. Anandifotokozera, kwa nthawi yaitali kuposa ulaliki wa tsikulo, kuti ngalande imeneyo imakathira mumtsinje, ndipo kuti sopo amene ine ndikumuona ngati ukhondo, kwa nsomba ndi utsi m'chipinda chotseka. Ndinawayankha kuti dziko lino lili ndi eni ake, azisamala okha mitsinje yawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti amene ali ndi paipi m'manja ndi ine, osati eni dziko.

M'Baibulo mwawo munkakhala chithunzi cha nsomba, chodula pa kalendala imene mlendo wina wa ku Amereka anaisiya kuphiri kuja. Anyamata ankawaseka kuti chiyenera kukhala pa buku la Yona, koma chinkakhala pa Masalimo. Inali tirawuti ya mtundu wina, yokhala ndi timizere tiwiri tofiira kunsi kwa chibwano ngati yachekedwa ndi mpeni, ndipo azungu amaitchula dzina lotanthauza kuti yodulidwa pakhosi. Iwo sanaionepo yamoyo, koma ankainena ngati mbale wawo amene anapita kutali. Ankati imakhala m'mitsinje ya kumadzulo kwa Amereka, ndipo imaswa chisanu chikamasungunuka m'mapiri. Zina zimakhala moyo wonse m'kamtsinje kamodzi, osakula kupitirira chikhatho. Zina zimatsikira m'nyanja za kumtunda, zina mpaka kunyanja yamchere, koma nthawi yoswa ikakwana zimabwerera kumene zinabadwira, motsata fungo la madzi. Akafika pamenepa mawu ankatsika. Ankati anthu anathira m'mitsinje imeneyo tirawuti ya mzere wapinki m'mbali, mtundu womwewo umene iwo ankaweta ku Zomba, ndipo mitundu iwiriyo inakweranakwerana mpaka m'malo ambiri ya pakhosi pofiira yeniyeni inasowa. Ankati palibe amene anaida nsombayo. Anthu anangolowa mumtsinje wa eni osafunsa amene alimo.

Kumtunda kwa Bolton, kumene nyumba zimathera n'kuyamba timapiri ta nkhosa, kuli kamtsinje kodutsa pansi pa mlatho wa miyala. A Zuze anakapeza zaka zambiri zapitazo, ndipo tsiku lililonse lopuma ankakwera basi kupita kumeneko. Munali tirawuti zakuno, zofiirira, za madontho ofiira. Sankawedza. Ankangokhala n'kumayang'ana. Ife tinkadziwa kuti madala amapita kutchire, koma kuti ndi kuti kwenikweni, palibe ankafunsa.

Tsopano ndinene za Tamanda, chifukwa nkhani yonse yagona pa iye. Ndi mwana mmodzi yekhayo wa a Zuze. Anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Atapita kuyunivesite ku Leeds anasiya kupemphera, kenaka anasiya kubwera kunyumba, kenaka anasiya kuyankha foni. Mayi ake anasala kudya Lachisanu lililonse kwa zaka zitatu. Ndiye tsiku lina, popanda womuitana, mtsikanayo anatulukira mu holo n'kukhala pafupi ndi mayi ake. Anabweranso sabata yotsatira. Utatha mwezi analembetsa dzina kuti abatizidwe. Mayi Zuze ankayenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzadza, kuopa kuti akangopunthwa pang'ono zonse zitayika. Mpingo wonse unkadziwa kuti mwanayu wabwera ndi phazi limodzi, lina likadali panja.

Ubatizo wathu tinkachitira m'dziwe lapulasitiki lopopa, lija la ana, pakati pa holo, tikuthiramo madzi a m'ketulo kuti afunde. Amayi achikulire sankakondwa nazo. Ankati madzi oima amasunga machimo, woyamba kulowa amasiyira wachiwiri, ndipo kwathu munthu amabatizidwa m'madzi oyenda kuti zakale zipite kunsi. Abusa athu, munthu wachangu amene masana amagwira ntchito ya makompyuta, analonjeza kuti pa Pasaka tidzapita kumtsinje weniweni ngati kumudzi. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinatumidwa kukafuna malo.

Ndinayenda masiku a Loweruka awiri kumayambiriro kwa Disembala, mvula ikundimenya, ndikupeza matope okhaokha ndi magombe otsetsereka. Kenaka ndinafika pamlatho wa miyala uja. Panali poimika galimoto, mpata pakhoma, kanjira kotsika bwino, thanthwe lafulati m'mphepete, ndiyeno miyala ya nsangalabwi yosalala yolowera pang'onopang'ono mpaka padziwe lofika m'chiuno. Chimene chinandikopa kwambiri ndi chakuti pakati pa miyala yakuda ndi ndere panali malo angapo oyera mbee, ngati pabwalo pamene mayi wasesa m'mawa. Ndinati apa ndiye paukhondo, amayi sadzaterereka. Ndinajambula chithunzi mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu amene Mulungu wamulondolera.

Chithunzicho ndinachionetsa pamsonkhano titaweruka mapemphero. Foni inayenda m'manja mwa anthu, aliyense akuyamikira, mpaka inafika kwa a Zuze. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuimirira.

"A Dikoni, apa ndi pansi pa mlatho wa miyala?"

"Eya, akulu. Mwapadziwa?"

"Amene anasesa pamenepa mukumudziwa?"

Anthu anaseka. Iwo sanaseke.

"Ndi nsomba yaikazi," anatero. "Imagona chammbali n'kumamenya miyala ndi mchira mpaka ikumbe kadzenje. Imaikira mazira, yaimuna n'kuthira mbewu, kenaka imasunthira kumtunda pang'ono n'kukumbanso kuti miyala ifotsere mazirawo. Imachokapo mchira utang'ambika. Poyera paliponse pa chithunzi chanuchi ndi chisa. Zilipo zisanu ndi ziwiri, ndaziona zikukumbidwa."

"Pofika Pasaka adzakhala ataswa kale," ndinatero.

"Ataswa, koma asanatuluke. Kamwana kamaswa ndi kamba wake pamimba, kathumba kachikasu, ndipo kamakhala pansi pa miyala milungu ingapo mpaka kambayo athe. Sikatha kuthawa. Mukapondapo mwakatswanya, ndipo matope amene mungavundule adzatsamwitsa otsalawo. Anthu makumi atatu akalowa pamenepo, mbewu ya chaka chino yatha."

Abusa anayankhula mofatsa, monga amachitira akakwiya. "Bambo Zuze, tikukamba za miyoyo ya anthu. Mwana wanu yemwe ali pa mndandanda."

"Dikirani mwezi wa Juni, abusa. Kapena tsikirani kumunsi, kuli dziwe la pathanthwe."

Dziwe la kumunsilo ndinali nditaliona: pamafunika kudumpha khoma ndi kutsika phompho, amayi achikulire sakanafikako. Za Juni, tsiku linali litalengezedwa kale kwa abale a ku Leeds ndi ku Manchester. Koma amene anatseka nkhani ndi mayi Zuze. Anayankhula ali chikhalire, osayang'ana amuna awo.

"Bambo a Tamanda, mwana wabwera yekha. Mukufuna adikire nsomba? Nanga pofika Juniyo akasintha maganizo, mudzandibwezera ndinu?"

A Zuze anakhala pansi. Ife tinati nkhani yatha, kuiwala kuti akuluwa sankadziwa mawu amenewo.

Miyezi itatu yotsatira anatisowetsa mtendere. Sabata iliyonse ankandidikira pakhomo n'kundiuza zimene zikuchitika pansi pa miyala ija, ngati nesi wopereka lipoti la wodwala: tsopano mazira atuluka timaso tiwiri takuda, tsopano ayamba kugwedezeka, tsopano aswa. Ndinayamba kulowera khomo lakumbuyo. Anapitanso kwa abusa paokha n'kuwauza kuti lamulo la dziko lino limaletsa kusokoneza malo amene nsomba zaikira, ndipo foni imodzi ingakwane kuimitsa zonse. Koma anati foniyo saimba, chifukwa pakati pathu panali abale amene mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo iwo sangaitanire abale awo a boma. Abusa anamva theka loyamba lokha, n'kutiuza ife akuluakulu kuti madala ayamba kutiopseza. Kuyambira pamenepo anthu ankati akawaona akubwera n'kusintha nkhani.

Linali Loweruka loti mawa ndi Pasaka, m'mawa wozizira, kamvula kakuwaza. Tinapita ndi maminibasi awiri ndi magalimoto angapo. Obatizidwa anavala zoyera pamwamba pa majuzi, amayi anasenza matawulo ndi mafulasiki a tiyi, mnyamata wa kwaya anakweza foni kuti abale a kumudzi azionera. Tinatsika kanjira kaja tikuimba. Miyala yoyera ija inali itadanso ndi ndere, sinkasiyananso ndi inzake, ndipo mumtima ndinati mwina madala angotiopseza.

A Zuze anali atafika kale ndi basi yoyamba. Anaima pathanthwe lafulati lija, pakhomo penipeni polowera m'madzi, atavala jekete la Lamulungu, tayi ndi magambutsi, madzi akuwafika m'misongolo. M'manja anagwira beseni loyera.

"Musanalowe, onani," anatero. "Izi ndazivundukula ine m'mphepete mwa chisa chimodzi. Ndalakwa kutero, koma simukanakhulupirira."

Palibe anasuntha, kupatula Tamanda. Anatsika atavala diresi lake loyera, n'kulandira besenilo. Ine ndinali pafupi, ndinaona nawo. Munali tinthu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, totalika ngati chikhadabo, toonekera mkati, maso akuluakulu, kalikonse katagona chammbali pa kathumba kake kachikasu. Kamodzi kankayesa kusambira koma kathumbako kankakalemera. Mtsikanayo anasunthira kumbali, maso ali m'beseni.

Kwaya inkaimbabe, koma mawu akuchepa. Alendo a ku Leeds anayamba kunong'onezana. Abusa anali atavula kale nsapato.

"A Dikoni," anatero, "achotseni akuluwa."

Ndinakwera pathanthwepo. Ndinali ndi manyazi, ndipo manyazi anga amasanduka mkwiyo msanga. Malowo ndinawapeza ndine, ndinawatama ndine, ndipo tsopano foni inkaonetsa kumudzi konse kuti ndinasankha molakwa.

"Akulu, tulukani bwinobwino."

"Sindituluka, achimwene."

"Mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Manyazi amatha. Izi zikafa zafa."

"Mwana wanu akuzizidwa apo. Mukufuna abwerere kumene anali?"

Pamenepo nkhope yawo inagwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti ndabaya pachilonda. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana akazi awo amene anaima kumtunda atakumbatira thawulo. Ndinaganiza kuti agonja. Koma anangoti, motsitsa, "Adzabatizidwa. Osati pano."

Ndinawagwira jekete n'kukoka. Anaumitsa thupi. Ndiye ndinachita chimene sindinachinenepo kwa munthu aliyense kwa zaka zinayi: ndinasiya kukoka, n'kuwakankha pachifuwa ndi dzanja lamanja. Sikunali kukankha kwakukulu. Msana wanga unatchinga anthu a kumtunda ndi foni yomwe. Ndinkafuna kuti abwerere phazi limodzi, aponde okha miyala yawoyo, nkhani ithe.

Munthu aliyense akakankhidwa amabweza phazi kumbuyo, thupi limachita lokha. Ndinaona phazi lawo likunyamuka. Ndinaona akucheuka kuyang'ana pansi pamene likatere. Ndiyeno analibweza lili m'malere, n'kudzipotoza, n'kugwera chammbali pamiyala ikuluikulu ya m'mphepete, dzanja lamanzere lili pansi. Linamveka ngati phesi louma likathyoka. Nyimbo inaima.

Theka la mpingo wathu ndi manesi, choncho anathamanga ambiri nthawi imodzi. Akuluwo ali gone m'madzi, nkhope itatuwa, anakweza dzanja labwinolo.

"Musadzere uko. Dzerani pathanthwe."

Ndipo anthu anamvera. Anadutsa pathanthwe mmodzimmodzi, n'kuwanyamula. Tsiku limenelo palibe phazi limene linaponda miyala ija. Kuchipatala ndinawapititsa ndine pa minibasi, mayi Zuze atawagwira mkono kumbuyo. Dokotala atafunsa chimene chachitika, ine ndili chiimire pakhomo, a Zuze anati anaterereka, miyala ya mumtsinje ndi yoterera. Sanandiyang'ane n'komwe.

Akuluakulu a mpingo tinakumana mkati mwa sabata n'kugamula kuti asiye kudya mgonero mpaka atapepesa pamaso pa mpingo. Lamulungu lotsatira Pasaka, kalata ya chigamulocho ndinaiwerenga ndine, iwo atakhala ndi pulasitala pamkono. Ndili pakati powerenga, Tamanda anaimirira, kutenga chikwama chake n'kutuluka. Tonse tinati wachita manyazi ndi bambo ake. Ubatizo unachitika patapita milungu iwiri m'dziwe lapulasitiki, iye kulibe, ndipo sanapondenso mu holo muja. Mayi Zuze anauza amuna awo pamaso pa anthu kuti asinthanitsa mwana ndi nsomba. A Zuze sanapepese kumpingo. Anangosamukira pampando wa pakhomo.

Dzanja linapola mopindika, moti kuchapa zofunda kunayamba kuwavuta. Ine ndinkadikira tsiku limene adzandiulule, ndipo kudikirako kunandichititsa kuwada kwambiri. Koma chimene ankachita ndi ichi: mwezi wa Meyi uliwonse ankandipeza, mwa kayendedwe kawo kosamveka kaja, n'kunena kuti, "A Dikoni, Loweruka tiyeni mukaone. Tinsomba tatuluka m'miyala." Ankafotokoza kuti tiana tija tsopano tikuima patokha m'madzi, kalikonse kakuteteza kamalo kake, ndipo posachedwa tidzakhala ndi zidindo m'mbali ngati tagwidwa ndi zala zakuda, zikapita zaka zitatu totsalato tidzabwera kudzasesa pomwe tinabadwira. Ndinkayankha kuti ndili pa shifiti. Anandiitana kanayi. Kanayi konse ndinali pa shifiti, ngakhale pamene sindinali.

Pasiwa, m'nyumba yawo yopapatiza, amayi anadzadza pabalaza atakhala pansi, abambo tinali kukhitchini ndi kuseri. Anali masana. Ndinatuluka kukaima pafupi ndi mabini a zinyalala kuti ndipume, ndipo Tamanda ananditsatira. Ndinayamba mawu a chipepeso, koma anandidula. Anayankhula Chichewa, pang'onopang'ono, lilime likulemera, ngati munthu amene wakonzekera mawuwo nthawi yaitali.

"Ankolo, ine ndinali kumbali ndi beseni. Ndinaona dzanja lanu."

Ndinagwira khoma.

"Adadi anandiletsa kunena. Anati mudzanena nokha, ndinu munthu wa Mulungu. Ndinakhala sabata yonse kudikira. Lamulungu munaimirira, ndinati tsopano anena. Munawerenga kalata."

"Ndiye sunachoke chifukwa cha bambo ako?"

"Adadi ndinkakumana nawo kumtsinje chaka chilichonse. Tinsomba tija ndinatibweza ndine tsiku lomwelo, inu mutapita kuchipatala." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amayi sakudziwabe. Muwauza ndinu."

Mayi Zuze ndinawauza thupi litanyamuka kupita ku Zomba, iwo akulongedza kuti alitsatire. Ndinaima pakhomo chifukwa kulowa ndinalephera. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anati, "Zaka zinayi, a Dikoni, ndakhala ndikuwapakulira chakudya osawayang'ana kumaso." Anatseka chitseko pang'onopang'ono, osachimenyetsa. Bola akanachimenyetsa.

Loweruka lapitali sindinali pa shifiti, ndipo ndinapita. Ndinaimika galimoto pamlatho, kulowa pampata wa pakhoma, n'kutsika kanjira kaja ndikuyesa kuponda mosamveka, koma nsapato zanga zinkaphokosera. Kumtunda kwa thanthwe, pansi pa mtengo wopanda masamba, pali mwala umene udzu wake unaperepeseka mozungulira, ndipo patsogolo pake pali timaenje tiwiri pamene a Zuze ankaponda ndi zidendene za magambutsi akakhala pamwalapo. Mvula yayamba kale kutifafaniza. Palibe anabwerapo. Nkhosa zinkadya kutsidya, madzi akuyenda ngati kale.

Nsomba zasesanso chaka chino. Ndinawerenga malo oyera asanu ndi anayi, ndipo pamodzi panali yaikazi itaima, mchira wake utayera ndi mabala; chithunzithunzi changa chitagwera m'madzi inathawa, chifukwa ndinaima mbali yolakwika. Ndinakwera pathanthwe, n'kuima pamene iwo anaima, kumbuyo kwanga kuli mtsinje. Ndinacheuka kuyang'ana pansi. Kuchokera pathanthwepo kukafika pamiyala yoyera ndi phazi limodzi lokha, ndipo ndi posalala bwino, posaya, poti munthu wachikulire akanapondapo n'kuima chilili, dzanja lake lili lamphumphu.